Nyenyezi imodzi kutsogolo kapena gulu lodzaza: timu ya hockey imangidwe bwanji?

Ife a ku Nchalo ndi Bangula amene timatsatira NHL (ligi ya hockey ya pa ayezi ya ku America ndi Canada) pa foni timakangana kawirikawiri za timu yomwe ikuyambiranso. Njira zake ndi ziwiri.

Yoyamba ndi ya Chicago Blackhawks: mu 2023 adasankha Connor Bedard, mnyamata wa zaka 17, kuti timu imangidwe pa iye. Yachiwiri ndi ya Seattle Kraken ya 2022-23, yomwe idalibe katswiri wotchuka, koma zigoli zinkachokera kwa aliyense.

Pa ndalama, mnyamata ngwotchipa pa kontirakiti yoyamba ya zaka 3. Ikatha, mtengo umakwera kwambiri. Gulu lodzaza limadya ndalama mofanana chaka ndi chaka.

Pa kulimba ndi pomwe nkhani yagona. Osewera kutsogolo amakhala 12, m'magulu anayi a atatuatatu, ndipo gulu limasewera masekondi pafupifupi 45 n'kupumula. Ndiye kuti nyenyeziyo nthawi yambiri imakhala pabenchi, m'masewero onse a ligi. Bedard atathyoka nsagwada mu Januwale 2024, panalibe womulowa m'malo. Zili ngati kudalira dimba lokha, Shire n'kusefukira.

Zotsatira: m'chaka chake choyamba Bedard adamwetsa zigoli 22 n'kulandira Calder Trophy (mphoto ya wosewera watsopano wabwino koposa), koma Chicago idathera kumunsi. Seattle mu 2023 idatulutsa Colorado, yomwe inkateteza chikho, mu ndime yoyamba ya ma playoff (masewero ochotsana olimbirana chikho), ngakhale chaka chotsatira zigoli zidauma.

Timu yomwe ochemerera ake angapirire zaka zingapo itenge mnyamata. Yofuna kupambana msanga idzaze magulu onse anayi. Ine ndili kwa mnyamata, bola amupezere anzake odziwa kupatsira.