Buku Lopatulika kapena Buku Loyera: mugule liti?

Mabuku awiri onsewa ndi Baibulo lomasuliridwa m'Chichewa. Buku Lopatulika linatuluka mu 1922, ndipo William Murray wa mishoni ya Nkhoma ndiye anatsogolera ntchito yolimasulira. Buku Loyera ndi la 1998, Akatolika ndi mipingo ina atagwirira limodzi ntchitoyo.

Dzina la Mulungu: Lopatulika limati Yehova, Loyera limati Chauta.

Kumveka: Lopatulika limakakamira kalembedwe ka Chihebri ndi Chigiriki, motero ziganizo zina, makamaka m'makalata a Paulo, zimafuna kuziwerenga kawiri. Loyera limatsata tanthauzo, m'Chichewa chimene timayankhula pakhomo. Ine ndimaona kuti wachinyamata amene wagwa ulesi ndi kalata ya Paulo yopita kwa Aroma amasowa Baibulo lomveka, osati chikhulupiriro.

Kuloweza: apa Lopatulika lilibe linzake. Mavesi amene akuluakulu amatchula pamaliro ndi pamapemphero a m'nyumba, ambiri anawaloweza m'menemo.

Mabuku: Loyera limapezekanso lokhala ndi Tobiti, Yuditi ndi Amakabeo, amene Akatolika amawerenga.

Ngati mumalalikira mumpingo wozolowera mawu akale, gwiritsitsani Lopatulika. Mukamagulira mwana, mlendo m'chikhristu, kapena banja lowerenga pamodzi madzulo, tengani Loyera.