Ndemanga: intake manifold ya aluminiyamu pa injini ya turbo, patatha makilomita 38,000

Papita zaka ziwiri ndi miyezi itatu chiikireni intake manifold ya aluminiyamu, chipangizo chogawira mpweya ku masilinda a injini, pa galimoto yanga, ndipo pa nthawiyi yayenda makilomita pafupifupi 38,000. Ndachedwa dala kulemba ndemangayi, chifukwa ndemanga zambiri za zipangizo zoterezi zimalembedwa sabata yoyamba, mwini galimoto akadali wokondwa ndi kunyezimira kumene amaona akatsegula boneti, pomwe za kulimba kwa chinthu zimadziwika chikagwira ntchito nthawi yaitali.

Galimotoyo ndi ya petulo, ya masilinda 4 ndi malita 2.0, ndipo ndimayendera tsiku ndi tsiku. Nditaika turbo yokulirapo, amene anakonza pulogalamu ya kompyuta ya injini anakweza boost, mphamvu imene turbo imakankhira mpweya mu injini, kuchoka pa 1.0 bar kufika pa 1.6 bar. Manifold imene galimoto inabwera nayo inali ya pulasitiki, ndipo ndinkaopa kuti tsiku lina idzaphulika ndili pa msewu. Ndivomereze kuti pamene ndinkaichotsa inalibe vuto lililonse. Pulasitiki imeneyi ndi nayiloni yosakaniza ndi ulusi wa galasi, imene imapirira kutentha kwa injini, ndi yopepuka, siichita dzimbiri, komanso imameza kunjenjemera m'malo mokupititsa patsogolo. Chimene chimaigonjetsa kawirikawiri ndi ukalamba, pamene yauma ndi kutentha kwa zaka zambiri n'kuyamba kung'aluka m'malo olumikizira. Yanga inali isanafike pamenepo, choncho ndinaisintha chifukwa cha mantha chabe.

Ma manifold a aluminiyamu ogulitsidwa padera alipo a mitundu iwiri ikuluikulu. Ena amaumbidwa pothira aluminiyamu wosungunuka m'chikombole, ndipo amatuluka ali chinthu chimodzi cha makoma okhuthala. Ena amapangidwa podula ndi kupinda mapepala a aluminiyamu n'kuwawotcherera ku mapaipi opita ku masilinda. Yanga ndi ya mtundu wachiwiriwu. Mabowo a mabawuti anagwirizana bwino ndi a pa cylinder head, ndipo malo olumikizira sensa ya MAP (yoyeza mphamvu ya mpweya mu manifold), paipi ya mabuleki ndi ya PCV (yochotsa utsi m'kati mwa injini) analipo onse. Koma makaniko ataika rula yachitsulo pa flange, mbali imene imakhala pa head, panaoneka mpata wa 0.3 mm chapakati, moti tinayamba taipititsa kokaisalaza pa makina tisanaimange. Chinthu china chimene sindinachilabadire tsikulo n'chakuti manifold yakale inali ndi chitsulo choichirikiza kuchokera pansi kukafika pa buloko ya injini, pomwe yatsopanoyi inalibe ngakhale malo omangirira chitsulo choterocho.

Za mphamvu sinditaya nazo nthawi. Popeza mapaipi ake ndi aafupi ndipo mimba yake, imene amakaniko amaitcha plenum, ndi yaikulu, injini imakoka bwino kwambiri ikadutsa 5,000 rpm, koma pansi pa 3,000 rpm inayamba ulesi pang'ono, ndipo kumeneko n'kumene munthu woyenda m'tauni amakhala nthawi zambiri. Aluminiyamu amatenganso kutentha mofulumira kuposa nayiloni maulendo mazanamazana, kotero kuti galimoto ikaima pa mzere kwa mphindi 15, manifold imatentha mosagwirika ndi dzanja. Ndinaika spacer ya phenolic, kachidutswa kotchinga kutentha, pakati pa flange ndi head, ndipo inathandiza ndithu, ngakhale kuti kutentha kwa pansi pa boneti kumaipezabe.

Vuto lenileni linabwera itayenda makilomita pafupifupi 21,000. Injini inayamba kusakhazikika galimoto ikaima, kenako ndinayamba kumva kamluzu kakang'ono ndikaponda mafuta, ndipo pasanathe sabata nyali yochenjeza za injini inayaka. Makina ofufuzira anaonetsa P0171, kutanthauza kuti mpweya wachuluka kuposa mafuta, ndipo patapita masiku angapo panabweranso P0299, yosonyeza kuti boost siikufika pamene iyenera kufika. Zizindikiro ziwirizi zimagwirizana ndi bowo la pa manifold: galimoto ikaima, mkati mwa manifold mumakhala vacuum, mphamvu yokoka mpweya, ndipo bowolo limayamwa mpweya umene sensa ya MAF, yoyeza mpweya wolowa mu injini, sinauwerenge, koma turbo ikayamba kukankha, bowo lomwelo limataya mpweya kunja. Titapopera mpweya m'mapaipi n'kuwaza madzi a sopo, thovu linatuluka pamene paipi ya silinda yachinayi imakumana ndi plenum, kufupi ndi throttle body, chitseko cha mpweya chimene chimatseguka ukaponda mafuta. Mng'aluwo unali wa masentimita 4.

Wowotcherera amene anaikonza anandionetsa chinthu chimene chinasintha maganizo anga onse pa nkhaniyi. Mng'alu sunali pa mzere wowotcherera weniweniwo, umene unali waukhondo ndi wooneka bwino, koma m'mphepete mwake. Ogulitsa analemba kuti anagwiritsa ntchito aluminiyamu wa mtundu wa 6061-T6, ndipo ndi zoona kuti mtundu umenewu ndi wolimba, koma kulimba kwakeko kumachokera ku mmene anautenthetsera ku fakitale, ndipo moto wowotcherera umafafaniza zimenezo pa malo oyandikana ndi mzerewo. Pamenepo mphamvu imatsika ndi gawo limodzi mwa magawo atatu kapena kuposerapo, pokhapokha chinthu chonsecho chitakonzedwanso ndi kutentha akamaliza kuwotcherera.

Tsono malo ofookawo ndi amene amasenza katundu wambiri. Khoma lina la plenum yanga ndi lathyathyathya, la masentimita 30 m'litali ndi 10 m'lifupi. Pa 1.6 bar khoma limenelo limakankhidwa kunja ndi mphamvu yofanana ndi makilogalamu pafupifupi 480, ndipo ndikachotsa phazi pa mafuta limakokedwa mkati ndi mphamvu ya makilogalamu pafupifupi 200. Limapuma chonchi kambirimbiri pa ulendo uliwonse, ngati chivundikiro cha chitini chimene munthu akuchidinikiza n'kuchisiya. Pamwamba pa izi, injini ya masilinda 4 imagwedeza kawiri pa kuzungulira kulikonse kwa crankshaft, kumene ndi maulendo 100 pa sekondi ikamayenda pa 3,000 rpm, ndipo throttle body ndi paipi yochokera ku intercooler, choziziritsira mpweya wa turbo, zinkalendewera kumapeto kwa plenum popanda chozichirikiza. Chitsulo cha steel chili ndi malire amene chikamagwedezeka pansi pake chimapirira mpaka kalekale, koma aluminiyamu alibe malire oterowo, ndipo kugwedezeka kulikonse kumamudya pang'onopang'ono. Ndikukhulupirira kuti chimene chinang'alula manifold yanga ndi kulendewera kumeneku, ndipo boost inangofulumizitsa.

Ndinalembera ogulitsa n'kuwatumizira zithunzi. Anayankha mwaulemu koma anakana kuisintha, ponena kuti chipangizocho anachipangira magalimoto a mpikisano ndipo waranti yake inali itatha. Mawu amenewo analidi m'mapepala awo, choncho sindingati anandinamiza, ngakhale ndikuonabe kuti kugulitsa manifold yolemera chonchi popanda malo omangirira chochirikiza ndi kulakwitsa kwa opanga.

Pokonza, wowotcherera anaboola timabowo kumapeto onse awiri a mng'alu kuti usapitirire, anawotcherera ndi makina a TIG, anaika tizidutswa tolimbitsa pa mapaipi awiri a kumapeto, ndipo anawonjezera khutu lomangirira chitsulo chopita pa buloko. Paipi ya intercooler tinailumikiza ndi labala ya silikoni yokhala ndi linunda pakati kuti izitha kusuntha payokha. Moto unapindanso flange pang'ono, choncho inasalazidwa kachiwiri. Mabawuti tinamanga ndi torque wrench kuyambira pakati kupita kumapeto, ndipo tinawabwereza injini itatentha ndi kuzizira kangapo, chifukwa spacer imakhala pansi pang'ono masiku oyamba. Kavuto kena kakang'ono n'kakuti mazinga a bowo la sensa ya MAP anadyeka nditamasula kachitatu, popeza aluminiyamu ndi wofewa, ndipo tinaikamo kawaya kobwezeretsa mazinga. Chikonzereni yayenda makilomita 17,000 popanda kutaya mpweya.

Ndikuipatsa nyenyezi 3 mwa 5. Munthu amene akumanga injini ya mpikisano, amene amaimasula kawirikawiri ndipo akufuna mphamvu pa rpm yapamwamba, idzamuthandiza, malinga aikepo chochirikiza tsiku loyamba ndi kuyeza flange asanaimange. Wa galimoto ya tsiku ndi tsiku amene wafikadi pofunika aluminiyamu ndingamulangize ya m'chikombole, ya plenum yozungulira, ngakhale kuti ndi yolemerapo ndipo siiwala ngati yowotcherera. Amene boost yake siinatalikirane ndi ya ku fakitale asunge ya pulasitiki imene ali nayo. Yanga yakale sindinaitaye, ili pa shelufu m'galaja, ndipo nthawi iliyonse ndikamasintha oyilo ndimatenga tochi ndi madzi a sopo n'kuyang'ana m'mphepete mwa mizere yonse yowotcherera, kuyambira pa silinda yachinayi.