Tenofovir kapena zitsamba za ku China: ife a hepatitis B tigwire ziti?

Munthu akangouzidwa kuti magazi ake ali ndi kachilombo ka hepatitis B, alangizi amachuluka. Adokotala akuti dikirani kaye tione zotsatira, kapena yambani mapiritsi ndipo musadzasiye. Kunja kwa geti wina akukulozerani botolo la zilembo za Chitchaina, ati limachapa chiwindi m'mwezi umodzi. Ogulitsawa amakonda kunena kuti akatswiri a ku China anafufuza, ndipo pamenepa sanama. China ndi dziko limene lili ndi anthu ambiri a matendawa kuposa lina lililonse. Mu 1992 pafupifupi munthu mmodzi pa anthu 10 aliwonse kumeneko anali ndi kachilomboka, choncho afufuzadi kwa zaka zambiri, mapiritsi a kuchipatala ndi zitsamba zomwe. Nkhani yagona pa zimene anapeza, komanso ngati zimene anafufuzazo ndi zomwe zili m'botolo mwanumo.

Tigwirizane kaye pa muyezo, poti ambirife timaphatikiza zinthu zosiyana. ALT ndi enzaimu yokhala m'maselo a chiwindi. Maselo akamawonongeka imatayikira m'magazi, nambala ija n'kukwera. Viral load ndiye kuchuluka kwa kachilombo kenikeniko. Kenaka pali zipsera, zimene zikanyanya chiwindi chimauma, madokotala n'kumati cirrhosis, ndipo pambuyo pake pakhoza kubwera khansa. Zimene zimatenga moyo wa munthu ndi ziwiri zomalizazi. Mankhwala alionse tiziwafunsa kuti: mwa zinthu zinayizi, inu mumagwira chiti?

Tenofovir ndi entecavir, mapiritsi a kuchipatala aja, amagwira kachilombo, basi. Piritsi limodzi pa tsiku, kachilombo kamaleka kuswana, ndipo kwa ambiri viral load imatsika mpaka makina osaionanso. Tenofovir si mlendo kwathu kuno, ndi T uja wa mu TLD amene abale athu a ma ARV amamwa. Umboni wake ndi wolemera. Mu 2013 magazini ya zachipatala ya Lancet inafalitsa zotsatira za odwala 348 amene anadulidwako kachidutswa ka chiwindi poyamba mankhwala, n'kudzadulidwanso patatha zaka 5. Mwa anthu 96 amene anayamba ali kale ndi cirrhosis, 71 anapezeka kuti zipsera zabwerera m'mbuyo moti sanalinso m'gulu la cirrhosis. Chiwindi chikasiya kumenyedwa tsiku ndi tsiku chimadzikonza chokha.

Zowawa zake zilipo, ndipo si zobisa. Mapiritsiwa sachiza. Kachilomboka kamasiya DNA yake mkati mwenimweni mwa maselo a chiwindi, momwe mankhwalawa sakhudza, ndiye ambiri amamwa moyo wonse. Ukangosiya mwadzidzidzi kamadzuka mwaukali, ndipo kwa munthu wa cirrhosis kudzuka kumeneko kungathe kupha. Tenofovir wa mtundu wa TDF amatha kuvutitsa impso ndi kufooketsa mafupa, choncho kuyezetsa creatinine, muyezo wa m'magazi woonetsa mmene impso zikugwirira ntchito, n'kofunika. Entecavir amafuna m'mimba mopanda kanthu, ndipo sagwira bwino kwa munthu amene kachilombo kake kanazolowera kale mankhwala akale otchedwa lamivudine. Chiopsezo cha khansa chimatsika koma sichitheratu. Mawu akuti "moyo wonse" ndi amene amatopetsa anthu, ndipo wogulitsa botolo amalowera pomwepo.

Zitsamba zimene zafufuzidwa sizili gulu limodzi. Gulu loyamba, lomwenso ndi lotchuka kwambiri, ndi la mankhwala otsitsa ALT. Pali kachipatso kofiira kotchedwa wuweizi, dzina la sayansi Schisandra chinensis. M'zaka za m'ma 1970 madokotala a ku China anaona kuti odwala chiwindi akamwa ufa wake ALT imagwa. Akatswiri a ku Institute of Materia Medica ku Beijing, kuphatikizapo Liu Gengtao, anasanthula chipatsocho, ndipo kuchokera pa zimene anapezamo anapanga mapiritsi a bifendate, ena amati DDB, kenaka a bicyclol. Awa si masamba owiritsa ayi, ndi mapiritsi a m'fakitale okhala ndi mlingo wodziwika. Amatsitsadi ALT, mwachangunso. Koma pa bifendate zinaoneka kuti AST, enzaimu inzake, siitsika mofanana, kachilombo kamakhala kali pompo, ndipo munthu akasiya kumwa ALT imakweranso. Bicyclol wafufuzidwa bwino kuposa mkulu wakeyo, ndipo ku China amamugwiritsa ntchito kwambiri pamene chiwindi chapwetekedwa ndi mankhwala ena, monga a TB. Kumeneko ndiye kwawo. Pa hepatitis B, kumwa amenewa okha kuli ngati kukolopola dothi la chiswe pakhoma pomwe make chiswe ali phee pansi pa nyumba.

Apa ndipofunika kukhalapo pang'ono, chifukwa vuto lake si kungotaya ndalama. Dokotala amayang'ana ALT kuti adziwe nthawi yoyambitsa tenofovir. Malangizo a bungwe la WHO a mu 2024 amati mwa anthu oyenera kuyamba mankhwala muli amene viral load yawo yapitirira 2,000 ndipo ALT yakwera. Tsono inu mwamwa zotsitsa ALT mwakabisira, mwapita kukayezetsa, pepala latuluka loyera, adokotala akuti zonse zili bwino mubwere chaka chamawa. Mwadzinamiza nokha, mwanamizanso munthu amene akanakuthandizani. Ngati mukumwa chilichonse chotere, nenani musanatengedwe magazi, ngakhale mukuopa kukalipiridwa.

Glycyrrhizin ali m'gulu lomweli. Amachokera ku muzu wotsekemera wa gancao, umene umapezeka m'misanganizo yambiri ya ku China. A ku Japan anapanga jakisoni wake, Stronger Neo-Minophagen C, kale mu 1948, ndipo akhala akubaya odwala chiwindi kangapo pa sabata. Amaziziritsa kutupa kwa chiwindi. Koma amachititsa thupi kusunga mchere ndi madzi n'kumataya potaziyamu, mapeto ake BP kukwera, miyendo kutupa, thupi kulefuka. Kwa munthu amene mimba yayamba kale kudzaza madzi, kapena wa BP, awa ndi osayesa n'komwe popanda dokotala.

Silymarin nayenso timuike pano ngakhale si wa ku China. Amachokera ku chomera chaminga cha kumayiko a m'mbali mwa nyanja ya Mediterranean, ndipo ndi amene amadzaza mashelefu a m'mafamase. Mu 2012 ku America anamuyesa pa odwala hepatitis C okwana 154, pa mlingo woposa wa masiku onse, kwa masabata 24. Sanapose piritsi lopanda mankhwala, ngakhale pa ALT pomwepo. Savulaza kwenikweni, koma ndalama zake bola kukayezetsera viral load.

Gulu lachiwiri ndi limene, kwa ine, likuyenera ulemu. Biejia Ruangan ndi mapiritsi a zosakaniza 11, mwa izo chigoba cha kamba wa m'madzi, muzu wa sanqi ndi wa huangqi. Madokotala a ku China anatenga odwala hepatitis B okwana 1,000 amene zipsera zawo zinali zitafika kale patali. Onse anapatsidwa entecavir. Theka anawonjezeredwa Biejia Ruangan, theka linalo mapiritsi opanda mankhwala, ndipo kwa masabata 72 wodwala ngakhale dokotala sankadziwa kuti ndani akumwa chiyani. Anayeza chiwindi chenichenicho, osati ALT yokha. Zipsera zinabwerera m'mbuyo mwa anthu ambiriko m'gulu la mankhwala awiri. Atawatsatira kwa zaka 7, zotsatira zimene zinatuluka mu Journal of Hepatology mu 2022 zinaonetsa kuti khansa inagwira anthu 4.7 pa 100 aliwonse m'gulu la mankhwala awiri, poyerekeza ndi 9.3 m'gulu la entecavir yekha. Kusiyana kumeneku si kocheza, ndipo amene amati zitsamba zonse n'zabodza ayenera kukumeza.

Komabe taonani mmene kafukufukuyu anayalidwira. Palibe ndi mmodzi yemwe amene analandidwa entecavir kuti amwe zitsamba zokha. Funso limene anafunsa linali lakuti kodi kuwonjezera kumathandiza, osati kodi kusinthanitsa kumathandiza. Patatha masabata 72 aja chinsinsi chinaululidwa, ndiye zaka zotsatirazo sizinali zotetezedwa mofanana ndi poyamba. Odwala onse anali a ku China, kumene kachilombo kofala ndi ka mtundu wa B ndi C, pomwe kuno kummwera ndi kummawa kwa Africa kofala ndi ka mtundu wa A. Ndipo anamwa mapiritsi a fakitale imodzi, olembetsedwa ku boma. Botolo la pamsika lolembedwa kuti muli chigoba cha kamba silingabwereke umboni umenewu.

Huaier, ufa wochokera ku bowa womera pamitengo, ali ndi nkhani yofananako. Anamuyesa pa anthu oposa 1,000 amene anali atachotsedwa kale chotupa cha khansa pa opaleshoni, ndipo mu 2018 anapeza kuti khansa inkachedwa kubwerera. Gulu linalo silinapatsidwe piritsi lonamizira, choncho umboni wake ndi wopepukirapo, ndipo ndi nkhani ya pambuyo pa opaleshoni basi.

Tsono mbali imene ogulitsa saitchula. Akatswiri a ku China omwewo anasonkhanitsa odwala oposa 25,000 amene chiwindi chawo chinapwetekedwa ndi mankhwala, m'zipatala 308, pakati pa 2012 ndi 2014. Pamwamba pa mndandanda panali zitsamba ndi mankhwala owonjezera thanzi, pafupifupi 27 pa 100 aliwonse, kuposa mankhwala a TB amene anali pafupifupi 22. Dzina limene limabwerabwera ndi he shou wu, muzu umene anthu amamwa kuti imvi zide. Ena amamwa osamva kanthu, ena maso amachita chikasu m'masabata ochepa, ndipo mu 2019 zinadziwika kuti amene ali ndi jini yotchedwa HLA-B*35:01 ndiwo ali pachiswe. Palibe amene amayezetsa jini asanagule tiyi. Tu san qi, amene anthu amamusokoneza ndi sanqi weniweni, amatseka timitsempha ta m'chiwindi mpaka mimba kudzaza madzi. Zomera za mtundu wa Aristolochia zili ndi asidi amene anawononga impso za amayi oposa 100 ku Belgium m'zaka za m'ma 1990, atamwa mankhwala ochepetsa thupi. Mu 2017 chizindikiro cha asidi yemweyo chinapezeka mu DNA ya zotupa 78 pa 100 zilizonse mwa zotupa 98 za khansa ya chiwindi zimene anayeza ku Taiwan.

Ngakhale msanganizo wakale ndi wolemekezeka ngati xiao chai hu tang, umene a ku Japan amati sho-saiko-to, unapereka phunziro lowawa. Madokotala kumeneko ankaulembera odwala chiwindi ambirimbiri, mpaka mu 1996 boma linachenjeza anthu 10 atamwalira ndi matenda a m'mapapo okhudzana nawo.

Wina anena kuti nanga LA uja si wochokera ku chitsamba cha ku China? Ndi zoona. Tu Youyou ndi anzake anatulutsa artemisinin m'chomera cha qinghao kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ndipo iye analandira mphoto ya Nobel mu 2015. Koma chimene timamwa tikadwala malungo si tsamba ayi, ndi piritsi la m'fakitale, loyezedwa mlingo, loyesedwa pa anthu zikwizikwi. Pa hepatitis B palibe chomera chimene chafika pamenepo polimbana ndi kachilombo kenikeniko.

Ndiye ndikaika zonsezi pambali ndi pambali, ine ndimaona chonchi. Amene dokotala wati yambani, yambani tenofovir kapena entecavir, ndipo palibe chitsamba cholowa m'malo mwake. Muyezetse kaye HIV, chifukwa kumwa amodzi mwa awiriwa okha uli ndi HIV yosadziwika kumachititsa kachilombo ka HIV kuzolowera mankhwala. Amene muli kale pa TLD, hepatitis B yanu ikuthandizidwa ndi piritsi lomwelo, koma tsiku limene akufuna kukusinthani mankhwala muwakumbutse za chiwindi. Amene muli ndi zipsera zambiri ndipo mungathe kupeza Biejia Ruangan weniweni kudzera kwa dokotala, ndi nkhani yoyenera kukambirana naye, monga chowonjezera. Ngati vuto lanu ndi hepatitis C, mpikisano palibe: sofosbuvir ndi daclatasvir kwa masabata 12 amachiza anthu oposa 9 pa 10 aliwonse.

Gulu limene limakodwa kwambiri ndi la amene auzidwa kuti sanafike poyamba mankhwala, angobwera kudzayezetsa. Kukhala manja lende uli ndi matenda n'kovuta, munthu umafuna kumwako kenakake. Kwa amenewa, kupatula kusiya mowa, kafukufuku wa ku China amene ali ndi phindu lalikulu sakhudza botolo lililonse. Ku Shanghai anatsatira amuna oposa 18,000 n'kumayeza poizoni wa chuku, aflatoxin, m'mikodzo yawo. Amene anali ndi poizoniyu yekha, chiopsezo cha khansa ya chiwindi chinakwera katatu. Amene anali ndi hepatitis B yokha, kasanu n'kawiri. Amene anali ndi zonse ziwiri, pafupifupi ka 60. Ku Qidong, dera limene linkadziwika ndi khansa imeneyi, anthu ankadalira chimanga chimene nthawi zambiri chinkachita chuku. M'zaka za m'ma 1980 malamulo a zaulimi atasintha anayamba kudya mpunga, aflatoxin m'magazi mwawo anatsika kwambiri, ndipo imfa za khansa ya chiwindi pakati pa achinyamata zinagwa, ngakhale mwa amene anabadwa katemera wa hepatitis B asanafalikire. Chuku chake ndi chomwechi chimene chimagwira chimanga chokololedwa chisanaume ndi mtedza wonyala, wowawa uja timaponya m'mtondo posinja nsinjiro chifukwa chomvera chisoni kutaya.