Tinakaona nyumba zapamadzi ku George Town, gaidi wake anatithandiza koma anatithamangitsa

Abale anzanga a kuno ku Harare, makamaka inu a ku Mufakose amene mwakhala mukundifunsa kutchalitchi kuti ku Malaysia kuja ndinakaonako chani, lero ndati ndilembe za malo amodzi amene mpaka pano sakundichoka mumtima. Ndinapita kukaona mwana wanga wamkazi amene akuphunzira ku Kuala Lumpur, ndiye iyeyo anati amama simungabwerere osafika ku Penang. Tinakwera sitima yamagetsi mpaka Butterworth, maola anayi ndi kanthu, kenako feri kuwoloka kupita pachilumbapo. Ukatsika feri ku George Town, mzinda waukulu wa pachilumba cha Penang, sipatali, umangoyenda pansi mumsewu wa Weld Quay basi wafika.

Malowo amawatchula kuti Clan Jetties, kutanthauza milatho ya mafuko. Ndi midzi ya matabwa yomangidwa pamwamba pa nyanja penipeni, nyumba zili pamizati, njira yake ndi matabwa okhomakhoma ndipo ukamayenda madzi ukuwaona pansi pako m'mipata. Kulowa ndi ulele, koma ife tinalipira gaidi, bambo wina wachikulire amene mwana wanga anampeza paintaneti, ndipo ndalama imeneyo sindikuidandaula ngakhale pang'ono chifukwa pandekha ndikanangoona malata ndi matabwa n'kubwerako.

Iyeyo ndi amene anatiuza kuti anthu amenewa makolo awo anachokera ku Fujian ku China m'zaka za m'ma 1800, kudzagwira ntchito padoko, kunyamula katundu kuchokera m'sitima zikuluzikulu ndi timaboti tawo. Analibe ndalama zogulira malo ndiye anamanga pamadzi, ndipo aliyense ankapita kwa a mfunda wake, a Chew kwaokha, a Lim kwaokha, a Tan, a Lee, a Yeoh chimodzimodzi, mlatho uliwonse ndi dzina la banja. Apa abale ine ndinangoti chete. Ndinakumbuka agogo anga aamuna amene anachoka ku Dedza wapansi kudzafuna ntchito ku Salisbury, Harare wa leroyu, n'kufikira kwa a Phiri anzawo ku Mbare chifukwa mlendo amafikira kwa wakwawo, ndipo ndi omwewo ankasonkherana ndalama za maliro wina akamwalira kutali ndi kwawo. Mwana wanga anandiyang'ana akuti amama mwatani, ine misozi ili lengelenge pamalo poti ena akujambulitsa zithunzi.

Chew Jetty ndiye waukulu ndiponso kumene alendo onse amathamangira. Polowera pali kachisi wawo, fungo la lubani lili ponseponse, kumapeto kwake kulinso kachisi wina woyang'ana kunyanja. Gaidi anati tsiku la 9 la chaka chatsopano cha Atchaina pamakhala mwambo waukulu, amayala matebulo a nsembe ndi nzimbe zomwe. Anationetsanso mizati ina yopangidwa ndi zidebe za pulasitiki zosanjikiza zothiridwa simenti, nzeru zofanana ndi zathu zomwe zija zosataya kanthu. Koma ndinene zoona, chigawo chakutsogolo kwa Chew kwasanduka msika. Kuyambira pomwe George Town inalowa pa mndandanda wa malo a mbiri yofunika padziko lonse wa bungwe la UNESCO mu 2008 alendo achuluka, ndiye makhonde ambiri ndi timashopu ta zipewa, timaginito ta pafiriji, ayisikilimu wa chipatso cha kumeneko chotchedwa durian, ndipo njirayo ndiyopapatiza moti mumakankhana ngati pa Mbare Musika m'mawa. Madzi a kokonati ozizira ndinamwa, anali bwino zedi ndi kutentha kuja. Durian ndinalawa kamodzi, fungo lake silinandiyanje.

Chimene chinandikwiyitsa ndi ichi. Gaidi uja anatisunga nthawi yaitali pashopu ina, zikuoneka kuti ndi ya mnzake, kenako titafika ku Tan Jetty kumene ine ndinakukonda kwambiri akuti tifulumire nthawi yatha. Ku Tan kuli zii, nyumba zochepa, mlatho wautali wamatabwa wolowa m'nyanja wopanda chogwirira m'mbali, agogo ena atakhala pakhonde akuonera TV chitseko chili chotsegula, nsapato zili panja, zovala zili pachingwe. Ndinamuuza mwaulemu kuti bambo, ife tachokera ku Zimbabwe, sitinadzere maginito ayi, ndipo anatipatsako mphindi zina koma nkhope itasintha. Mukamapangana naye wina aliyense muuzeni pachiyambi pomwe kuti mukufuna milatho yaing'onoing'onoyo, osati Chew yekha.

Chinanso, m'nyumbazo mukukhala anthu mpaka lero, si myuziyamu. Pali zikwangwani zoletsa kujambula m'nyumba ndipo ndinaona mnyamata wina mlendo akulowetsa foni pawindo la eni ake, zinandinyansa kwambiri, tangoganizani munthu akuchiteni zimenezo kwanu ku Highfield mukudya nsima.

Madzi akaphwa pansi pamatsala matope ndipo pamanunkha, ndi zinyalala za pulasitiki zimaonekera, ndiye funsani nthawi imene madzi amadzaza. Ife tinafika cha m'ma 10 m'mawa dzuwa litayamba kale kuwotcha, thukuta kamukamu, bola kupita chakumadzulo. Valani nsapato zafulati, matabwa ena ali ndi mipata ndipo njinga zamoto za eni ake zimadutsa momwemo. Amene muli ndi ana aang'ono agwireni dzanja osawasiya.

Gaidiyo ndimupatsa 4 pa 5, imodziyo ndachotsa chifukwa cha shopu ija. Mwana wanga akamamaliza sukulu ndikapitanso ku graduation, ndipo ndamuuza kale kuti tikagone ku George Town usiku umodzi kuti ndikakhale ku Tan Jetty mpaka dzuwa kulowa popanda wondiwerengera nthawi.