Beetle kapena Land Rover: yosavuta kusamala ndi iti?

Pa magalimoto amakedzana awiriwa, mtima wanga uli pa Volkswagen Beetle. Injini yake ili kumbuyo ndipo imazizira ndi mpweya, choncho za radiyeta muiwale. Koma lamba wa fani akaduka, imani pomwepo, apo ayi injini ipsa. Mavavu amafuna kuchunidwa pafupipafupi, injini itazizira. Oyilo ndi malita awiri ndi theka basi. Zipangizo sizisowa kwenikweni, poti ku Uitenhage, ku South Africa, ankapanga ma Beetle kuyambira 1951 mpaka 1979.

Land Rover Series III, ya 1971 mpaka 1985, imanyenga maso. Mbali yaikulu ya bode lake ndi ya aluminiyamu, siichita dzimbiri, koma chasisi, chimango chomwe bode limakhalapo, ndi chachitsulo. Gwadani mugogode pansi pake ndi hamala. Mukaona tizidutswa tofiira tikuyoyoka, konzani thumba. Imamwanso mafuta kwabasi, ngakhale pamatope a m'dzinja Beetle siingaipose.

Musanagule, kachezeni ndi a kalabu ya eni magalimotowa. Kumeneko ndi komwe mungabwereke sipanala ya mamilimita 36 yomasulira nati ya ekiselo yakumbuyo ya Beetle, yomwe imauma zedi.