Makhadi a Rider-Waite-Smith patapita miyezi: zomwe zathandiza kuti kuwerenga kwanga kuzimveka

Nditangogula makhadi a tarot (makhadi a zithunzi omwe anthu amayala n'kumawatanthauzira pofuna mayankho a mafunso a moyo wawo) a mtundu wa Rider-Waite-Smith ndinanena kuti ndi oyenera munthu woyamba kumene. Patha miyezi yambiri ndikuwagwiritsa ntchito pafupifupi tsiku lililonse, ndekha komanso ndi anzanga ochepa omwe amandipempha, ndipo mawuwo sindinawasinthe. Chomwe chawonjezereka n'chakuti tsopano ndikudziwa pamene pagona ubwino wawo, komanso pamene amandigwiritsa fuwa lamoto.

Za kulimba kwawo ndinene mwachidule. Kabokosi kapepala kanang'ambika msanga, moti ndimawakulunga m'kansalu ka chitenje. Ali atsopano ankaterera kwambiri, ukamasakaniza ena n'kumagwera pansi, koma pano afewa ndipo amagwirika bwino. M'mphepete mwawo mwayamba kuda ndi thukuta la m'manja, zithunzi zokha sizinafufutike. Ndi aakulu kuposa makhadi a juga, pafupifupi masentimita 7 m'lifupi ndi 12 m'litali, choncho wa manja aang'ono ndi bwino aziwamwaza pa tebulo n'kuwasakaniza ndi zikhatho.

Phindu lenileni lili m'zithunzi. Makhadiwa alipo 78, akuluakulu 22 (ukulu wa tanthauzo, osati wa pepala) ndi ang'onoang'ono 56 omwe agawidwa m'magulu anayi: ndodo, zikho, malupanga ndi makobiri. Anatuluka koyamba ku London mu 1909. Anajambula ndi Pamela Colman Smith motsogoleredwa ndi Arthur Edward Waite. M'makhadi akale a ku France, otchedwa Tarot de Marseille, khadi la zikho zisanu limangoonetsa zikho zisanu basi, ndiye uyenera kuloweza tanthauzo lake pamtima. Mayi Smith anajambula nkhani pafupifupi pa khadi lililonse. Pa zikho zisanu pali munthu wovala mkanjo wakuda, wazolika, akuyang'ana zikho zitatu zomwe zatayikira pansi, pomwe kumbuyo kwake ziwiri zidakali chiimire ndipo iye sakuziona. Chapatali pali mlatho wopita kunyumba. Munthu amene banja lake langotha kumene safunika kumutanthauzira chithunzi chimenechi.

N'chifukwa chake kabuku kamene kamabwera m'bokosimo ndinakaika padera. Zilembo zake n'zazing'ono, ndipo khadi lililonse kamalipatsa mawu angapo osalumikizana, ena otsutsana. Ukamathamangira komweko, wokufunsayo amaona kuti ukungomuwerengera mndandanda. Masiku ano ndikatembenuza khadi ndimayamba ndakhala chete, n'kunena zimene zikuoneka: muli ndani, wayang'ana kuti, wanyamula chiyani, kumwamba kuli bwanji. Kenako ndimafunsa mwini funsoyo kuti, "Inu mukuonapo chiyani?" Mayi wina wogulitsa zovala za kaunjika anatulukiridwa ndi khadi la ndodo khumi, pomwe mwamuna wakumbatira mtolo wa ndodo, msana uli wowerama, nkhope yabisika mumtolomo. Ndisanayankhule anati, "Ameneyu sakuona n'komwe kumene akupita." Zomwe tinakambirana pambuyo pake, za ngongole ndi abale omwe onse amadalira iwo, zinachokera pa mawu awo omwewo.

Koma chimene chimasokoneza kuwerenga koposa zonse ndi funso. Anthu ambiri amabwera ngati abwera kwa woombeza ula: kodi ndidzakwatiwa, kodi ndalama yanga anaba ndani, kodi ndipite ku Joni kapena ayi. Funso lofuna inde kapena ayi limabala yankho losamveka, chifukwa chithunzi sichinena inde. Ndimatenga nthawi kulikonza pamodzi ndi munthuyo tisanagwire makhadi. "Kodi ndipite ku Joni?" timalisandutsa "N'chiyani chikundikokera kumeneko, nanga n'chiyani chimene ndikuchithawa kuno?" Tikagwirizana ndimalilemba papepala, kuti pakati pa nkhani lisasinthe mwakachetechete n'kuyamba kutsatira makhadi omwe atuluka.

Kuchepetsa makhadi kwathandizanso kwambiri. Kayalidwe kotchuka ka Celtic Cross kamafuna makhadi khumi, ndipo kamaoneka kaukatswiri pa tebulo. Komatu pa makhadi khumi sipalephera kupezeka limodzi logwirizana ndi chilichonse chomwe ukufuna kunena. Ine ndakhazikika pa atatu, ndipo malo ake ndimawatchula ndisanatembenuze: mmene zinthu zilili, chimene chikutchinga, chimene munthu angachite. Ndikawatembenuza ndimawayang'ana onse pamodzi kaye. Ngati onse ndi malupanga, nkhani ili pa maganizo ndi mikangano. Ngati funso ndi la chikondi koma patuluka makobiri okhaokha, ndimafunsa za ndalama m'nyumbamo. Khadi likatuluka losasangalatsa sindikokanso lina loti "lifotokozere", popeza kumeneko n'kungofunafuna yankho lokoma. Makhadi ozondoka ndimangowaimika bwinobwino. Ena amawawerenga mosiyana, ndipo sindikuwatsutsa, koma kwa ine ankachulutsa matanthauzo popanda kuwonjezera kumveka.

Kope ndi lofunika ngati makhadi enieniwo. Ndimalemba tsiku, funso, makhadi ndi zomwe ndanena, zinthu zisanachitike. Ukabwererako patapita milungu umaona poyera pamene unalasa ndi pamene unangolankhula mawu okwana aliyense, monga akuti "mukudutsa m'nyengo ya kusintha". Mtima wa munthu umakumbukira zolondola zokha, kope silikondera. Kopelo landitsimikizira kuti makhadiwa amathandiza munthu kuona bwino zomwe zili kale pamaso pake, koma sadziwa za mawa. Izi sizindidabwitsa, poti tarot inayamba ngati masewera kumpoto kwa Italy m'zaka za m'ma 1400, ndipo zoombezera zinadzabwera ku France chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700.

Pali mafunso amene ndimakana, ngakhale munthu akhumudwe. Za matenda ndimati apite kuchipatala. Za yemwe anaba kapena amene akuganiziridwa ufiti sindiyala n'komwe, chifukwa khadi la mfumukazi likangotuluka munthu amaona apongozi ake kapena agogo a kumudzi, ndipo tonse tikudziwa zomwe zimagwera nkhalamba zikalozedwa chala. Khadi la nambala 13, la Imfa, ndimalifotokoza ndisanayambe n'komwe, kuti limakamba za chinthu chomwe chafika pamapeto, osati maliro. Mukadikira kuti lituluke kaye, mantha amakhala atatseka kale makutu.

Zomwe sizinandikhutiritse mpaka lero ndi makhadi 16 a kubwalo la mfumu: mafumu, mafumukazi, asilikali a pa hatchi ndi anyamata awo. Zithunzi zawo zilibe nkhani, angokhala kapena kuima, ndipo n'kovuta kudziwa ngati akuimira munthu wina kapena khalidwe la wofunsayo. Ndimawatenga ngati khalidwe pokhapokha mwini wake atanena yekha kuti amuzindikira munthuyo. Zithunzi zina n'zachilendonso kwathu kuno. Pa makobiri asanu pali amphawi awiri akuyenda m'chipale chofewa kunja kwa windo lowala la tchalitchi, mmodzi ali pa ndodo zoyendera, ndipo ndimayenera kuyamba ndafotokoza kuti zoyerazo n'kuzizira koopsa.

Amene akufuna kugula asankhe a kukula kwa masiku onse, asatengeke ndi ang'onoang'ono a m'thumba. Pa aang'onowo mlatho uja ndi zikho ziwiri zakumbuyo zimaoneka movutikira, pomwe kuwerenga konse kwatsamira pa tinthu ngati timeneti.