Maski nawonso amatuwa

Abale anga kumudzi, mwakhala mukufunsa kuti kuno ku Norway ndimagwira ntchito yanji kwenikweni. Ndili m'kashopu kena ku Lillehammer, tauni imene kunachitikira masewera a Olympics a nyengo yozizira mu 1994. Ndimasamalira maski, timatabwa titalititali timene anthu amavala kuphazi n'kumayenda motsetsereka pa sinowo.

Kunsi kwa ski kumakhala pulasitiki yolimba yotchedwa polyethylene, kawirikawiri yakuda bii chifukwa amaisakaniza ndi graphite, zakuda zija zimene zimakhala m'kati mwa pensulo. Ikakhala yosamalidwa imachita kunyezimira. Koma makasitomala amabwera nayo itatuwa mbuu, makamaka m'mbalimu ndi pamene pamaponda phazi, ngati miyendo ya mwana wosadzola mafuta mu June. Poyamba ndinkayesa litsiro. Ndinapukuta mpaka mkono kuwawa, koma osachoka. Abwana anga anandipatsa galasi lokulitsira zinthu, ndipo potuwapo ndinaona tiubweya ta pulasitiki titaimirira nyankhalala. Kukazizira kwambiri sinowo amathwa ngati mchenga, ndipo wopangidwa ndi makina ndiye amanyanya. Phula loteteza limene timapaka kunsi kwa ski likangotha, sinowoyo amayamba kupala pulasitiki yeniyeniyo. Palinso timiyala timene amawaza m'misewu kuti anthu asamaterereke. Munthu akaoloka msewu osavula maski, amabwera nawo atakalikakalika.

Koma chimene chimandipweteka mtima ndi simbi. Phula timalisungunulira pa ski ndi simbi, ngati tikusita malaya, pomwe pulasitikiyi imayamba kusungunuka pa madigiri pafupifupi 135. Simbi ikangoima malo amodzi, basi papsa, ndipo phula sililowanso bwino pamenepo. Mayi ena achikulire anabwera ndi maski a malemu amuna awo, atayesa kuwapaka okha phula ndi simbi ya zovala. Nditawatembenuza n'kuona kunsi, ndinasowa chowauza. Tinawadutsitsa pa makina a mwala amene amasenga kakhungu kapamwamba, kuda kuja kunabwerera, kungotsala chipsera chimodzi chakumchira. Mayiwo anachisisita ndi chala, n'kunena kuti chikhale choncho.

Mu April sinowo akamasungunuka, anthu amapaka klister, phula lomata ngati ulimbo, limene limatola masamba a paini ndi zinyalala zonse za m'nkhalango. Masiku amenewo ndimaweruka zala zili bii. Tikatsuka, timapaka phula lochindikala osalipala, maski n'kukagona mpaka November.